Anati Magazi Adulidwa

"Ndati mcherewo uike pansi, mlamu! Kodi makutu unawasiya kwanu?"

Dailes anangoti chilili pamafuwa, kachikho ka mchere kali m'manja, usipa ukubwata mumphika. Amene ankakuwayo anali a Lena, mlongo wake wamkulu wa mwamuna wake Fanuel, mayi woti akatsegula pakamwa ngakhale nkhuku zinkayamba zaleka kutola.

"Alamu, munthu wodwala adya bwanji ndiwo zopanda mchere?"

"Mchere ndithira ine. Dzanja lakolo lisayandikirenso mphika wa mlongo wanga. Wamudula mokwanira."

Ku Maganga panalibe amene sankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Anthu ankati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za pakhomo, mwamuna wake amadulidwa: miyendo imatupa, thupi limafooka, mapeto ake ndi kumanda. Matendawo ankawatcha mdulo. Ndiye apa a Lena sankanena za mchere ayi. Ankamunena mlamu wawo kuti ndi wachigololo, dzuwa likuswa mtengo, amayi a nyumba zoyandikana atasiya kupeta mpunga kuti amve bwino.

"Mukuti ine ndatani, alamu?"

"Wamva. Usandibwerezetse, ndine munthu wopemphera."

"Koma dzulo kuchipatala tinali limodzi. Adokotala aja sananene zimenezo."

"Ananena! Ndi makutu angawa ndinamva. Anagwira mwendo, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti magazi adulidwa. Ananena kapena sananene?"

"Ananena kuti magazi adulidwa njira, sakubwerera bwino kumtunda chifukwa..."

"Ehe! Adulidwa. Wavomera wekha. Nanga adulidwa ndi ndani? Ndi ine?"

Mwini mwendo ankamva zonsezi. Fanuel anali gone pamphasa pakhonde, mwendo wakumanzere atausanjika pamtondo umene Dailes anaugoneka kumapazi kwake. Kuyambira m'bondo kutsika, mitsempha inali itatupa n'kupotanapotana pansi pa khungu. Kakolo anali atada bii, ndipo pamwamba pake panali chilonda chimene chinakana kupola chiyambire nthawi yowokera mpunga. Chifikire njanji pa Salima, Fanuel ankagwira ntchito ya udobi kwa mzungu wina wa kunyanja, kuchapa ndi kusita ali chiimire tsiku lonse, mpaka njala ya 1949 inamupeza n'kumusiya ali pasimbi pomwepo. Miyendo itayamba kukana, mzungu uja anapeza dobi wina wa miyendo yabwino, nkhani n'kuthera pomwepo.

A Binali, amene ankatsuka zilonda kuchipatala ndipo aliyense ankawatcha adokotala, anali atafotokoza bwinobwino. Anati magazi akatsikira kumapazi amayenera kukweranso, koma mitsempha ya Fanuel inatopa ndi kuimirira, choncho magazi ankangodikha m'munsi ngati madzi a m'dambo. Anamuuza Dailes kuti azitsuka chilondacho ndi madzi owiritsa othiramo kamchere, azikulunga mwendo ndi bandeji kuyambira kuzala mpaka m'bondo, ndipo wodwalayo akagona mwendo uzikhala pamwamba kuposa chifuwa. Pofuna kuti anthu akumudzi amve msanga, anawonjezera kuti, "Kunena mwachidule, magazi adulidwa njira." Pa zonse zimene bamboyo ananena tsikulo, a Lena anatolapo liwu limodzi lokha, ndipo analisunga bwino kuposa mbewu.

"Bambo, mukungomvera?" anatero Dailes atacheukira kukhonde. "Simunena kanthu?"

Fanuel anatsokomola. "Achemwali, tasiyani kaye zimenezi. Anthu akumva."

"Amve! Ukadzafa sadzamva? Iwe unkachoka kuno Lolemba n'kubwera Loweruka. Masiku apakatiwo unali ndi maso kuno?"

Fanuel anayang'ana kudenga ngati udzu umuyankhira. Anali munthu wabwino Fanuel, zimenezo palibe angatsutse, koma ubwino wake unali wa mtundu uja wosapulumutsa munthu. Analeredwa ndi a Lena mayi awo atamwalira, ndipo mpaka imvi zinayamba kutuluka asanaphunzire kuwakaniza kanthu. A Lena analanda kachikho kaja, n'kuthira okha mchere mumphika, n'kupita nako kunyumba kwawo.

Dailes sanagonje. Anakapempha mchere pang'ono kwa mnzake wa kutsidya kwa dambo, n'kuumanga pansonga ya nsalu. M'mawa uliwonse ankawiritsa madzi, kutsuka chilonda, kukulunga mwendo mosamala monga anamuonetsera a Binali. Sabata isanathe kutupa kunayamba kuphwa, m'mbali mwa chilonda munayamba kuoneka kanyama kofiira. Fanuel mwini anati usiku wapita wagona osamva kukoka m'katumba. Dailes anati mumtima, aone okha, mwendo undiyankhira.

Koma a Lena anamupeza tsiku lina akumasula kamfundo kaja pamwamba pa beseni.

"Mayo ine! Anthuni bwerani mudzaone! Wa m'ndiwo tamuletsa, tsopano akumuthira pathupi penipeni!"

"Ndi mmene ananenera adokotala, alamu. Munalipo."

"Ine ndinamva zoti adulidwa basi. Za mcherezi wawonjezera wekha."

Tsiku lomwelo anaitanitsa a Enock, amalume awo a Fanuel, amenenso anali ankhoswe a banjalo. A Enock Lamulungu ankatsogolera nyimbo kutchalitchi ndi mawu okoma, koma Lolemba ankaopa mdulo ngati wina aliyense. Anakhala pachitsa, chipewa pabondo, n'kumvetsera mbali zonse ziwiri, ngakhale mbali imodzi ndi imene inkamveka kwambiri.

"Nambewe," anatero pomutchula Dailes ndi mfunda wake, "ine sindikuti walakwa. Koma pamene nkhani isanayere, wodwalayu akakhale kwa mlongo wake."

"Amalume, mwendowu wayamba kupola. Tamasulani muone nokha."

"Kupola kwa kunja," anatero a Lena. "Mdulo umadya m'kati."

"Nanga akamukulunga ndani? Akamukwezera mwendo ndani?"

"Akwezerenji? Mwamuna wamkulu, wandevu zake, tsiku lonse chagada mwendo m'mwamba ngati mphemvu yakufa, alendo akudutsa. Wamuchititsa manyazi mokwanira."

Dailes anayang'ana mwamuna wake. Akanangonena kuti sindipita, panalibe akanamunyamula. Fanuel anati, "Ndi masiku ochepa chabe, Nambewe. Tiwamvere akuluakulu, mitima ikhale pansi." Ananyamuka n'kutsamira paphewa la a Enock, ulendo wa kwa a Lena, nyumba yachinayi kuchokera pamenepo. Dailes anapsa mtima mpaka misozi inakana kutuluka.

Kwa a Lena zinthu zinayenda mwachangu. Bandeji anaimasula, amvekere mwendo ukufunika mpweya. Anaitana sing'anga wa ku Khombedza amene anatema mphini kuzungulira potupa ponse n'kupakamo zakudazakuda. Fanuel anamukhazika pampando wandalema ngati bwana, miyendo ili lende pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu akubwera kudzamuzonda n'kumayamikira kuti tsopano akuoneka ngati munthu. Dailes anauzidwa kuti malire ake ndi mtengo wa mango wa pakati pa bwalo. Akafika pamenepo ankaima n'kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Ndipo a Lena ndi amene ankayankha.

Kwawo kwa Dailes kunali kutali, kumapiri a ku Dowa. Anabwera ku Maganga mwa chitengwa, malume ake anapita ku Joni osabwerako, ndipo mwana woti amugwirire malo pamudzipo analibe. Woti amulankhulire anatsala mmodzi yekha, a Binali, mwini mawu aja. Anadzuka m'mamawa n'kuyenda wapansi mpaka ku Salima.

Anapeza mzere wa anthu a zilonda utazungulira khonde la chipatala. Anadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. A Binali atamva nkhaniyo anayamba aseka, kenaka ataona nkhope ya mayiyo kuseka kunatha.

"Astaghafirulla! Ine ndinati magazi, mayi. Magazi adulidwa njira. Sindinati munthu wadulidwa."

"Ndikudziwa, adokotala. Ndawauza mpaka pakamwa pauma. Tiyeni mukawauze nokha."

"Ndisiye anthu onsewa? Taonani mzerewu. Ndili ndekha, mnzanga anamutumiza kwina. Bweretsani wodwalayo kuno pamodzi ndi alamu anuwo."

"Sangabwere. Akuti chipatala chinanena kale, chatsala n'chiyani."

"Bandeji akumanga?"

"Anamasula. Atemapo mphini."

A Binali anaponya thonje m'beseni. "Mphini! Pamwendo woti ngakhale kukanda ndi chikhadabo sipapola? Mayi, mukawauze mawu awa, musachotsepo kapena kuwonjezera. Chilonda chimenecho chikafika pafupa, palibenso mankhwala. Tidzamutumiza kuchipatala chachikulu akadule mwendo."

Dailes anaseka, kuseka kowawa kumene kunadabwitsa ndi a Binali omwe.

"Mwaseka chiyani?"

"Akadule. Mwabwerezanso liwu lomwelo, adokotala. Ndikakanena zimenezo kumudzi akati mwatsimikiza kachiwiri. Kodi kuchipatala kuno mulibe mawu ena?"

A Binali anamupatsa bandeji ina yatsopano, n'kuitana wotsatira.

Pobwerera anadzera kwa a Enock. Anawapeza akuluka mono wa nsomba pansi pa mtengo, n'kuwafotokozera zonse mwaulemu, atagwada.

"Ndakumva, mwana wanga," anatero a Enock osasiya kuluka. "Koma taganiza. Wachipatala wati adulidwa. Sing'anga wati adulidwa. Anthu awiri osadziwana, wina Msilamu wa kunyanja, wina wa ku Khombedza. Angagwirizane bodza?"

"Sing'angayo anamva kwa alamu, amalume. Asanakhale n'komwe pansi anali atamuuza kale."

"Nanga wachipatala bwanji sanabwere kudzakana yekha?"

"Ali ndi odwala ambiri."

"Waona? Munthu akanamiziridwa amabwera."

"Ine ndanamiziridwa, ndabwera. Mwandimvera?"

A Enock anaika mono pansi. "Usandipanikize, Nambewe. Ine ndine nkhoswe chabe. Lena akuti mwendo ukuipiraipira, ndipo sing'anga akuti mankhwala ake sangagwire ntchito wolakwa asanaulule. Ukaulula, mumwera limodzi mankhwala, uthira mchere ndi dzanja lako m'chikho chomwecho, basi wazizira, mdulo watha. Mwamuna wako umutenga. Ndi mwambo, si chilango."

"Ndiulule chimene sindinachite?"

"Ine sindinati unachita. Ndangokuuza mmene khomo limatsegukira."

Zoti mwendo ukuipiraipira sizinafunike kuuzidwa. Masabata awiri asanakwane, fungo linkafika pamtengo wa mango paja. Dailes ankaona ntchentche zikuzungulira mpando wandalema, a Lena akuziingitsa ndi nthambi. Mwendo unali utatupa mpaka kunyezimira, mphini zija zitatseguka n'kusanduka tizilonda tatokha, tikuchucha madzi. Fanuel anali atasiya kuseka ndi alendo. Tsiku lina Dailes analumpha malire aja, bandeji ili m'manja, koma a Lena anamutchingira ndi thupi lawo lonse.

"Ukufuna udzamumalize?"

"Alamu, ndikupemphani. Musandilole ine, chabwino. Mangani inuyo. Ndikuonetsani kamangidwe ndili patali. Muyambire kuzala."

"Nsalu yochokera m'manja mwako? Ayi, zikomo."

"Ndiye mukwezeni mwendo pokha. Mtondo si wanga, ndi wa mayi anu."

"Mlamu, chimene chikupha mlongo wanga si mtondo. Ndi pakamwa pakopo, pamene pakukana kutseguka. Ukamuona akuwola chonchi mtima sukukupweteka?"

Chopweteka kwambiri n'chakuti a Lena ankalira ponena zimenezi, misozi yeniyeni. Ankamukonda mlongo wawo, ndipo ankamuwoletsa mwendo ndi chikondi chomwecho. Munthu wankhanza ukhoza kulimbana naye, koma wotere umugwira pati?

Dailes anabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde, pamphasa yopanda munthu. Anaganiza za dzina lake, mmene amayi azidzanong'onezana kudambo mpaka adzakalambe. Anaganizanso za mwendo. Dzina likhoza kudikira, anatero mumtima, koma fupa silidikira. Ndipo Fanuel akundidziwa. Takhala limodzi zaka zonsezi, adziwa yekha kuti ndanamira mwendo wake. Anthu anene zimene anene, ife awiri tidzadziwa zoona.

M'mawa mwake anapita kwa a Enock.

"Ndikavomera, mundipatsa mwamuna wanga lero lomwe?"

"Lero lomwe."

"Ndizimusamala mmene ndikufunira, popanda wondiletsa?"

"Ukazizira, ndani akuletse? Ndi mwamuna wako."

Anasonkhana pakhonde pa a Lena, anthu a pabanja okhaokha, ngakhale kuseri kwa nkhokwe kunali makutu ambiri. Dailes anagwada, maso pansi.

"Ndinalakwa," anatero.

"Kweza mawu," anatero a Lena.

"Ndinalakwa. Ndinayenda ndi munthu wina bambo ali kuntchito. Ndinabwera n'kuthira mchere."

"Ndani?"

"Wapaulendo. Wogulitsa nsomba. Dzina sindinafunse."

"Kangati?"

"Kamodzi."

A Lena anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ndipo chodabwitsa, anasanduka munthu wokoma nthawi yomweyo. Anamugwira Dailes paphewa n'kumudzutsa.

"Waona, mlamu? Chinavuta n'chiyani? Ukanangonena kale bwenzi mlongo wanga atachira. Tonse ndife anthu, Satana amatiyesa. Ine ndilibe nawe chifukwa tsopano."

Dailes akanakonda kutukwanidwa kusiyana ndi kukoma mtima kumeneko. Anathira mchere m'chikho cha mankhwala, anamwako, Fanuel anamwako. Sanamuyang'ane kumaso mwamuna wake, poopa kuti akayang'anana anthu azindikira kuti awiriwa akudziwa kanthu. A Enock anapemphera pemphero lalitali lothokoza Mulungu kuti choonadi chaoneka. Kenaka amuna awiri anamunyamula Fanuel pampando womwewo mpaka kunyumba kwake, pakuti kuyenda sakanathanso.

Anthu atabalalika, Dailes sanataye nthawi. Anawiritsa madzi, n'kumugoneka mwamuna wake pamphasa m'nyumba, n'kukhala pansi mwendo uja atausanjika pamiyendo pake. Anayang'ana chilondacho pafupi. Chinali chitakula ngati chikhatho, chakuya, koma fupa linali lisanaoneke. Mtima wake unagunda ndi chimwemwe choyamba chichokereni Fanuel m'nyumbamo. Anayamba kuchotsa zakudazakuda zija pang'onopang'ono.

"Zipweteka, bambo, koma pirirani. Tinatsala pang'ono kuchedwa, koma sitinachedwe. Kutupaku kukaphwa tipeza ngolo tipite kwa a Binali."

Fanuel ankayang'ana khoma.

"Mwamva njala? Ndikamaliza pano ndikuphikirani phala la mpunga."

"Ndi Musa eti?"

Dzanja la Dailes linaima. "Mwati chiyani?"

"Wogulitsa nsomba uja. Ndi Musa, wa njinga yopanda mabuleki. Ndinamupezapo kawiri konse pakhomo pano Loweruka, akuseka nawe."

"Bambo! Musa amagulitsa nsomba pakhomo lililonse m'mudzi muno. Ngakhale kwa alamu amaima."

"Ndiye ndani? Ndiuze ine ndekha, sindikauza munthu. Pampando paja ndakhala ndikuwerenga amuna onse amene amadutsa njira iyi. Mutu wanga watopa, Nambewe. Ungonditchulira dzina ndipume."

Dailes anaika kansalu m'beseni.

"Palibe munthu. Panalibe munthu chiyambire. Ndanama, bambo. Ndanama kuti andipatse mwendo wanuwu usanawole. Ndimayesa mwadziwa. Ndimayesa inu nokha mwa anthu onse aja mwadziwa."

Fanuel anatembenuka n'kumuyang'ana koyamba tsikulo. M'maso mwake munalibe ukali. Munali kutopa kokha, ndi chinthu china chimene Dailes anali asanachionepo.

"Wagwada pamaso pa amalume. Wanena kuti kamodzi. Wanena kuti dzina sunafunse. Mawu ako sananjenjemere n'komwe."

"Ndinawakonzeratu! Ndikanatani? Munandisiya ndekha, bambo. Tsiku lija pakhonde mukanangonena liwu limodzi..."

"Ndiye umatha kunama bwino chonchi?"

"Chifukwa cha inu!"

"Nanga ine ndidziwa bwanji kuti wanama liti? M'mawa muja, kapena panopa?"

Dailes anafunafuna mawu m'mutu monse, koma liwu lililonse limene akananena linali lochokera pakamwa pomwe paja. Anatola bandeji n'kuyamba kukulunga kuzala.

Fanuel anadzuka ndi zigongono. Anagwira ntchafu yake ndi manja awiri, n'kuunyamula mwendowo kuuchotsa pamiyendo pa mkazi wake, akulumira mano ndi ululu. Anauika pansi, n'kutembenukira kukhomo.

"Achemwali!" anaitana. "Achemwali, tabwerani mudzandimange chilondachi."